Sitayilo munthu sabadwa nayo ayi

Nkhani ina ya zojambulajambula yomwe ndawerenga ndaikonda koma pomwe akunena kuti wojambula aliyense amabadwa ndi sitayilo yakeyake, apo pokha ndakana ine. Taonani Van Gogh, katswiri wojambula zithunzi wa ku Netherlands, zojambula zake za ku Netherlands cha mu 1885 zinali zakuda bii, mitundu ya dothi yokhayokha, alimi osauka atazungulira kanyali, koma atapita ku Paris mu 1886 n'kuona mmene anzake amapakira penti yowala, kuphatikizapo zithunzi za ku Japan zomwe ankazikonda zija, zinthu zinasinthiratu, ndipo chikasu chomwe timamudziwa nachochi chinadzafika pachimake ali ku Arles, kumwera kwa France, mu 1888, kutatsala zaka ziwiri zokha kuti amwalire. Ndiye tinganene kuti anabadwa nacho?

Nthawi zina ndi mavuto amene amamupanga munthu. Matisse, wojambula wa ku France, atachitidwa opaleshoni mu 1941 sankatha kuimirira nthawi yayitali, ndiye anadalira kwambiri sizasi, kumadula mapepala opakidwa kale penti, omuthandiza n'kumawakhoma pakhoma mmene iye akuuzira.

Ineyo ndimangojambula ndi pensulo, si katswiri ayi, koma ndikatsegula makope anga akale ndimaseka ndekha, ndinkangokopera za ena mzere ndi mzere mpaka dzanja linazolowera zake. Zala za anthu zokha zimandivutabe mpaka lero moti aliyense amene ndamujambula manja ake amakhala ali m'thumba, mnzanga wina akuti imeneyo ndiye sitayilo yangayo kkkkk.