Tsiku limene vidiyo ya chinkhoswe inakana kulowa pa kanema ku Domwe

Mlongo wanga atachita chinkhoswe ku Domwe, kwathu ku Angonia m'dziko la Mozambique, wojambula anatipatsa vidiyo yonse, maola awiri ndi theka, ine n'kuikopera mu laputopu. Lamulungu lotsatira abale anadzaza pabalaza, ena pamphasa, ana pakhomo. Nditatsegula laputopuyo mayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kagalasi kameneko tionerapo angati? Ikani pa kanema wamkuluyo, agogo anu maso anafooka." Chingwe cha HDMI, cholumikizira laputopu ku kanema, ndinali nditabwereka mnzanga wina wa ku Ulongwe miyezi itatu m'mbuyomo, ndipo mukudziwa kuti chingwe chikabwerekedwa chimakhala chasamuka.

Sindinade nkhawa. M'chikwama ndinali ndi kachipangizo kamene achimwene ananditumizira kuchokera ku Tete, kotumiza zithunzi za pa kompyuta kupita pa kanema popanda waya. Ku lendi kwanga kamagwira bwinobwino. Ndinakabaya kuseri kwa kanemayo, kanayaka, kenako kanayamba kufunsa intaneti. Ndinayatsa hotspot pa foni, netiweki n'kumabwera ndi kupita ngati mvula ya mawawa. Ndinaimika foni pawindo, ndinaituluka nayo panja pafupi ndi nkhokwe, ayi ndithu. Vidiyo inali pomwepo mu laputopu, kanema ali apo mapazi atatu okha, koma ziwirizi sizikanatha kupatsana moni popanda kudzera kutali. Kulakwa kunali kwanga: ndinali nditagwiritsa ntchito kachipangizoko chaka chathunthu osadziwa mmene kamayendera.

Msuweni wanga wa ku Dedza, mwana wa amalume, anali atakhala phee akuseka chamumtima. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anatulutsa m'thumba kanthu kakuda konga fulashi yonenepa, kolembedwa AnyCast, kokhala ndi kachingwe ka mphanda ziwiri. "Asuweni, tasunthani," anatero. Anakalowetsa pa HDMI, mphanda ina n'kuilumikiza ku chaja ya foni. Apa mpamene malire anaonekera koyamba: chaja yake inali ya mano atatu aphwanthiphwanthi a ku Malawi, pomwe soketi ya kwa mayi ndi ya timabowo tiwiri tozungulira. Tinatenga chaja yanga. Atagwira laputopu anakanda mutu, chifukwa Windows yanga imalankhula Chipwitikizi, ndipo mawu amene iye anazolowera kuwaona panalibe. Koma zala zake zinkadziwa njira: anadina batani la Windows pamodzi ndi K, kumbali kunatuluka dzina la kachipangizoko, anadinapo, ndipo nkhope ya mlongo wanga inadzaza kanema yense. Nthungululu zinamveka ngati chinkhoswe chayambiranso. Sipanapite ngakhale mega imodzi.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyang'anitsitsa mmene anthu a mbali ziwiri za malirezi amachitira, ndipo ndaona kuti zipangizozi zili m'mafuko awiri osiyana kwambiri, ngakhale pamsika amazitchula ndi dzina limodzi.

Fuko loyamba, la kachipangizo kanga kaja, ndi la Chromecast, imene Google inatulutsa mu 2013 pa mtengo wa madola 35. Amene anaipanga ankaganiza za nyumba imene ili ndi rauta, kabokosi kogawa intaneti, yoyaka usana ndi usiku. Kuti muikonze poyamba pafunika pulogalamu ya Google Home ndi intaneti, ndipo kompyuta ndi kanema ziyenera kukhala pa Wi-Fi imodzi. Mukaituma kuti ionetse vidiyo ya pa YouTube, laputopu imangokhala ngati rimoti. Kachipangizoko kamakatenga kokha vidiyoyo pa intaneti, ndipo netiweki ikakhala yabwino kamasankha chithunzi chowala kwambiri osafunsa kuti m'thumba mwanu muli bwanji. Netflix imanena yokha kuti chithunzi cha HD chingadye mpaka 3 GB pa ola. Fuko lachiwiri, la kachipangizo ka msuweni kaja, ndi la Miracast, njira imene bungwe la Wi-Fi Alliance linakhazikitsa mu 2012. Iyi ili ngati chingwe cha HDMI chosaoneka: laputopu ndi kanema zimalumikizana zokha mwachindunji, popanda rauta, popanda intaneti. Windows inayamba kuidziwa kuchokera pa 8.1, ndipo makanema ambiri amakono anabadwa nayo kale m'kati. A Apple ali ndi yawoyawo, AirPlay, koma kwathu kuno laputopu ya Apple mungaione kwa mlendo wa bungwe basi.

Tsono anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu, mmene ndawaonera ine, ali ndi mtima wa Miracast ngakhale amene sanamvepo dzinalo. Iwo amakhulupirira chinthu chimene chili kale m'manja. Pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu wa M1 mupezapo kakhumbi ka mnyamata wokhala ndi kompyuta yakale, amene amakuikirani nyimbo, makwaya, maulaliki ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa pa memore khadi kapena pa fulashi. Mumalipira kamodzi, mumaonera mpaka mutatopa, mumabwerekanso mnansi. Chikhalidwe chimenechi chinakula chifukwa bandulo kumeneko yakhala ikulira, mpaka mu 2020 anthu anachita kampeni pa intaneti yoti mitengo ya data itsike. Kwacha nayo itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Munthu woteroyo mukamuuza kuti vidiyo imene ali nayo kale mu kompyuta ifunikanso bandulo kuti ifike pa kanema, akuyang'anani ngati mwapenga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ambiri ngakhale za laputopuzo safuna: amangobaya fulashi kuseri kwa kanema, nkhani yatha. Msuweni wanga kachipangizo kake amakafunira zinthu zimene fulashi singathe, monga kuonetsa komiti ya kwaya mmene ndalama zayendera pa Excel, aliyense akuona manambala ndi maso ake, kuti pasakhale wonena kuti msungichuma wadya.

Ife a ku Angonia tinaleredwa mosiyanako pang'ono. Kampani ya mafoni ya Movitel itabwera mu 2012, mothandizana ndi kampani ya Viettel ya ku Vietnam, inaimika nsanja m'madera amene kale munthu ankakwera chulu kuti aimbe foni, ndipo mpikisano wake ndi Vodacom ndi mcel unatizoloweretsa mamega. Achinyamata a ku Ulongwe, makamaka a ku Tete ndi ku Moatize kumene kuli ndalama za malasha, anazolowera kuonera zinthu pomwepo pa intaneti osasunga. Mega ikatha amagula ina pa e-Mola kapena M-Pesa, moyo n'kumapitirira. Ndi ufulu wokoma, sindikana, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo. Koma chaka cha 2024 chinationetsa kuti ufuluwo uli ndi mwini wake. Mu Meyi, INCM, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, inasintha mitengo ya mafoni ndi intaneti, mapakoti opanda malire anachoka, ophunzira anaguba ku Maputo mpaka boma linaimitsa mitengoyo. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, pa nthawi ya zionetsero za pambuyo pa zisankho, intaneti ya pa foni inkadulidwa, WhatsApp ndi Facebook osatseguka. Masiku amenewo amene tili kufupi ndi malire tinatulutsa ma SIM a TNM ndi Airtel amene timasunga kuseri kwa kava ya foni, n'kumayenda cha ku Calomue kukasaka netiweki ya kutsidya. Amene anali ndi mafilimu mu laputopu ndi kachipangizo ka Miracast, madzulo awo sanasinthe.

Ndiye panadzachitikanso china mu Malichi 2025. Ma Chromecast a m'badwo wachiwiri padziko lonse anangoleka kugwira ntchito tsiku limodzi, chifukwa chiphaso china cha m'kati mwake chinatha nthawi, ndipo eni ake anadikira masiku angapo kuti Google ikonze. Miyezi ingapo izi zisanachitike, mu Ogasiti 2024, kampaniyo inali italengeza kale kuti yasiya kupanga Chromecast. Ndinaganiza za khasu la agogo: lingabunthe, lingaguluke, koma palibe munthu wa ku California amene angaliuze kuti lero usalime.

Musaganize kuti ndagulitsa dziko langa kwa a Flames. Pa nkhani ya magetsi ndimawaseka asuweni anga mpaka kukwiya. Magetsi awo ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 anakhala mu mdima wa maola ambiri kwa chaka choposa. Kachipangizo kabwino n'kachabe ngati kanema wazima. Ife tili ndi Cahora Bassa ku Songo, damu lotha kupanga mamegawati 2,075, ndipo maiko awiriwa anachita kugwirizana zokoka chingwe chachikulu kuchokera ku Matambo, kufupi ndi mzinda wa Tete, kukafika ku Phombeya m'boma la Balaka kuti tiziwagawirako. Komabe ndikamanyada chonchi msuweni amandikumbutsa kuti magetsi ambiri a ku Songo amapita ku South Africa, ndipo midzi yambiri ya ku Tsangano ndi ku Macanga ikuunikirabe tochi. Apo ndimangoti zii, chifukwa ndi zoona. Kumudzi, mbali zonse ziwiri, amene wapambana ndi sola: kanema wa 12 volts, batire, ndi laputopu yochajidwa masana. Apanso kachipangizo kosafuna rauta kali ndi mwayi, chifukwa rauta ndi pakamwa pena pofuna kudyetsa.

A ku Katete ndi ku Chipata, amene timakumana nawo kudzera pa malire a Zambia ku Cassacatiza, sindikhalitsa pa iwo. Soketi zawo zambiri n'zofanana ndi za ku Malawi, kompyuta zawo zimalankhula Chingerezi, ndipo chilala cha 2024 chitatsitsa madzi m'damu la magetsi la Kariba anaphunzira mwamsanga kusunga zinthu mu foni magetsi akangobwera.

Miracast nayo ili ndi matenda ake, ndipo ogulitsa sakuuzani. Laputopu imachita kujambula sikirini yake yonse, kuipanikiza n'kuitumiza pa mphepo, ndiye ikakhala yokalamba imatentha, fani n'kumalira ngati chigayo, chithunzi n'kumadumphadumpha. Malaputopu a kaunjika amene akadali pa Windows 7 saidziwa n'komwe, ndipo ena a Windows 10 amakana chifukwa khadi lawo la Wi-Fi silinapangidwire zimenezi. Musanagule kachipangizo, pitani nayo laputopuyo mukayesere pomwepo pa kauntala. Tizipangizo totchipati nthawi zambiri timagwira pa msewu wa Wi-Fi wa 2.4 GHz, pamene pamadzazana mafoni ndi ma hotspot a anthu onse, choncho m'tauni timavuta kuposa kumudzi. Mukakapatsa moto kuchokera pa USB ya kanema kamatha kumazima pakati pa filimu, chifukwa mphamvu ya pamenepo ndi yochepa. Chaja ya foni ndiye mankhwala. Mafilimu otetezedwa a makampani aakulu nthawi zina amatulutsa mawu okha, chithunzi chili bii. Ndipo ambiri amabwera ndi pasiwedi ya 12345678, imene mwana aliyense wa pamudzi amaidziwa.

Pa mpira ndiye musayese n'komwe. Pa 14 Januwale 2024, Mambas, timu yathu ya Mozambique, akusewera ndi Egypt ku Côte d'Ivoire, ndinali pa nyumba ina pamene tinkaonera kudzera pa intaneti ya laputopu n'kuponya pa kanema. Intaneti payokha imachedwa kale, kuponyako n'kuwonjezerapo kake. Tinkatsogola 2-1 nthawi itatha, tonse titaimirira. Kenako kuseri kwa mpanda, kwa anzathu a dikoda, kunamveka kukuwa kwa anthu amene aferedwa. Pa kanema wathu Salah anali asanaike n'komwe mpira pa dontho la penate. Tinaonera akuthamanga tikudziwa kale kuti walowa. Kufa kawiri kumeneko sindifunanso. Pa mpira ndimapita kwa amene ali ndi dikoda ya ZAP kapena DStv, kapena ndimangoyatsa wailesi.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti katunduyu amayenda mozungulira. Anyamata a ku Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off amati zamagetsi zabwino zimachokera ku Tete, pomwe a ku Ulongwe amakwera basi kukagula ku Lilongwe, poti metikali ikasinthidwa pa malire imatupa. Bokosi ndi lomwelo, lochokera ku China, kusiyana chaja yokha. Ine kachipangizo kanga katsopano ndinakagula ku Dedza, ndipo ndinawonjezera kaadaputa ka mano, kamene tsopano ndimakasunga ngati chiphaso. Ndikapita kwa amalume sindifunanso kuona zimene amachita anyamata akumeneko, kukanikiza chivindikiro cha bolopeni pa bowo la pamwamba la soketi kuti pulagi yathu ya mano awiri ilowe.

Kwa mayi ku Domwe vidiyo ija yaonetsedwa kasanu ndi kawiri tsopano. Agogo amakhala pafupi kwambiri ndi kanemayo, ndipo ikafika pamene ankhoswe akupereka nkhuku amandikodola: "Mdzukulu, bwezani pamene paja, ndione amene anavala nsalu yanga ija." Ndimabweza ndili pampando kuseri, laputopu ili pamiyendo. Iwo amatembenuka, kuyang'ana pansi pakati pa ine ndi kanemayo, kufunafuna chingwe.