Ku Montana umangolowa, ku Alberta uyambe wagwadira mwini ng'ombe

Anzanga osaka elk ndi uta, ndiloleni ndidandaule, chifukwa zimene andichita kuno ku Alberta, m'dziko la Canada, chaka chino zandiwawa mpaka m'mafupa.

Mwezi wa Ogasiti wonse ndinkalondola gulu lina la elk, nyama zikuluzikulu za mtundu wa gwape zija, kumapiri a kumwera chakumadzulo kwa Calgary. Nkhunzi sindinkazilabadira. Nthawi imeneyi zimakhala pazokha kumtunda, ndipo amene amatchera kamera pamene waona nyanga zazikulu mu Ogasiti amakapeza mbuu mu Seputembala. Ukafuna nkhunzi, tsata zazikazi, poti nyengo yokwerana ikafika pakati pa Seputembala zimabwera zokha kumene kuli akazi. Ndinapeza mkwaso wake: usiku zimadya msipu kudambo, kukamacha zimakwera kukagona m'nkhalango yothithikana kumbali ya phiri yoyang'ana kumpoto, kumene kumakhala kozizira. Pakati pa njirayo pali chithaphwi cha matope chonunkha mkodzo, ndi timitengo ta paini tosupuka makungwa kufika pachifuwa changa. Mphepo ndinaiwerenganso. M'mamawa imatsika phiri, dzuwa likatentha imatembenuka nkukwera, ndiye malo obisalira ndinasankha kumunsi kwa mkwaso.

Chatsala nchiyani? Foni basi. Malowo ndi a boma, koma anabwereketsedwa kwa mlimi wa ng'ombe, ndipo lamulo la kuno kuyambira 2003 limati usanapondemo uyambe walankhula ndi wobwerekayo. Akakhala ndi ng'ombe mumpandamo ali ndi ufulu wokukaniza. Mu Ogasiti bamboyo anavomera bwinobwino. Nyengo ya uta itayandikira ndinaimbanso, yankho nkukhala lakuti, "Pepani, ndalowetsamo ng'ombe." Ndinakasuzumira pawaya. Ng'ombe zake zinali zoti mwana wa sitandade wani atha kuziwerenga, zitaunjikana pakona ina kutali ndi chithaphwi changa. Malo otere ku Alberta ndi maekala oposa 5 miliyoni, ena mwa iwo m'munsi mwa mapiri momwe elk zimakonda.

Tsono tawolokani malire pa Coutts mulowe Montana, ku America. Mlamu wanga amakhala kumeneko. Iye akafuna kukayendera malo, amatsegula pulogalamu ya mapu ya onX pafoni, mtundu wa mapu ukamuuza kuti apa ndi National Forest, nkhalango ya boma, amaimika galimoto nkulowa. Ng'ombe za alimi zimadyanso m'nkhalango za boma kumeneko, koma mwini ng'ombe amalipirira msipu wokha, geti si lake. Alinso ndi pulogalamu ya Block Management, pomwe boma limalipira eni minda kuti alenje wamba azilowa, iwe umangolemba dzina pabokosi la pageti kapena kusungitsa tsiku. Munthu amene waona elk mu Ogasiti amadziwa kuti mu Seputembala palibe wodzamuuza za ng'ombe. Kulosera kumene nyama idzadutse nkovuta kale. Kuno timaloseranso kumene ng'ombe za munthu zidzagone.

Musandiyese wokonda America mwakhungu. Nawonso ali ndi misala yawo. Ku Wyoming malo a boma ndi a anthu anagawidwa ngati bolodi la drafti kuchokera nthawi yomanga njanji, ndipo mu 2021 alenje anayi a ku Missouri anachita kunyamula makwerero kuti adumphe pakona kuchoka pamalo a boma kupita pamalo ena a boma osaponda dothi la mwini famu pa Elk Mountain. Anawasumira ndithu, ati mwadutsa mumpweya wa pamwamba pa munda wanga! Mlanduwo unakafika kukhoti la apilo, lomwe linawapeza osalakwa mu Malichi 2025. Ndipo pankhani ya ndalama Alberta ndimaivulira chipewa: kuno kugulitsa kapena kugula mwayi wosaka pamunda wa munthu ndi mlandu, pamene kutsidyako mafamu abwino ambiri anatengedwa ndi olemera ndi makampani osakitsa alendo. Anthunso ndi ochuluka. Mlamu akuti tsiku lotsegulira, pamalo oimika magalimoto pamadzaza, ndipo ukamva nkhunzi ikulira m'chigwa, kawirikawiri ndi mlenje mnzako akuliza chitoliro.

Zina nzazing'ono. Makamera otchera pamtengo, Arizona ya ku America inawaletsa pa ulenje kuyambira 2022, British Columbia ya kuno ku Canada imaletsa otumiza zithunzi pafoni nyengo yosaka ikayandikira. Zimbalangondo za grizzly zili mbali zonse ziwiri, kungoti wa ku Montana amaloledwa kumangirira mfuti yaing'ono m'chiuno, ife kuno mfuti yotere sitiloledwa, timadalira kachitini ka tsabola kopopera chimbalangondo m'maso.

Ena mundiuza kuti bwanji osangokwera kumtunda, kunkhalango ya boma ya Forest Reserve, komwe sufunika kupempha munthu. Ndikudziwa, malo alipo ambiri. Koma elk sizidya miyala. Udzu wa kumtunda ukauma zimatsikira kumunsi kuli msipu wobiriwira ndi minda ya alfalfa, ndipo alenje akangoyamba kuponda m'nkhalango zimathawira komwe kulibe phazi la munthu, kutanthauza mumpanda womwewo umene andikaniza. Mwina mlimiyo anapsapo ndi alenje osiya mageti otsegula, zimachitikadi. Koma ine ndimayenda wapansi, ndi uta wosaphulika, ndipo geti ndimatseka. Msonkho umene ndimadula ndi womwewo umene iye amadula.

Panopa ndayambanso kuyendera chigwa china kumadzulo, mochedwa, nkhunzi zitayamba kale kulira. Amene mukudziwa mlimi wa mtima wabwino chakumwera kwa Highway 1, ndithandizeni, nyama tidzagawana mwendo wathunthu.