Gombe limayambira kuno kuphiri

Sabata yatha mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za nsomba ku Bunda, anandipeza pakhonde kuno ku Bembeke ndikusankha mbewu ya mbatatesi. Anandionetsa pafoni chilengezo cha bungwe lina lakunja, mwa aja amakhazikitsidwa ndi anthu achuma kuti azipereka thandizo. Akuti likupereka ndalama zoti akatswiri afufuze njira zobwezeretsera magombe ndi zamoyo za m'nyanja yamchere. Mnyamatayo nkhope inali yakugwa. "Amalume, izi si zathu. Akufuna mayiko a m'mphepete mwa nyanja yamchere, ife tilibe." Ndinamufunsa kuti, "Iwe mphwanga, madzi a mu Linthipe amakathera kuti?" Anangoseka. Koma ine nkhaniyi sinandichoke mumtima, n'chifukwa chake ndati ndilembe pano.

Mvula ikagwa paphiri la Dedza kapena kumapiri a Ntcheu, madziwo amatsika ndi Linthipe, Namikokwe, Livulezi ndi Bwanje n'kukalowa m'nyanja ya Malawi. Ena amadzera mu Rivirivi n'kukagwera mu Shire. Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, Shire yemweyo, amene amakathira mu Zambezi ku Mozambique, ndipo Zambezi amakathera ku Indian Ocean. Dothi limene likukokoloka m'munda mwanga lili paulendo umenewo. Ndiye munthu akandiuza kuti za gombe sizitikhudza ife akumtunda, ndimakana.

Ndalama za kafukufuku wotere ndikuziyamikira, ndipo ndinene chifukwa chake, poti ena akamva mawu oti kafukufuku amangoganiza za misonkhano ya m'mahotela. M'mphepete mwa nyanja yamchere mumamera mitengo ya mangrove, imene imaima m'matope mizu ili poyera ngati miyendo ya nkhanu. Mizu imeneyo imagwira matope, imachepetsa mphamvu ya mafunde, ndipo tiana ta nsomba timakulira mmenemo. Anthu aidula kwambiri pofuna makala ndi milimo, monga tachitira ife ndi masuku ndi tsamba. Tsunami, mafunde aakulu obwera ndi chivomerezi cha pansi pa nyanja, itachitika mu 2004, mayiko ngati Sri Lanka anathamangira kubzala mangrove ndi ndalama zathandizo, koma mbande zambiri zinafa. Ofufuza ndi amene anadzaonetsa kuti zinabzalidwa pamalo olakwika, pamene madzi amakhalitsa kwambiri kapena safika n'komwe, ndiponso kuti nthawi zina chofunika n'kungotsegulira madzi njira yake, mitengo imamera yokha. Kodi si zomwe timaona ife chaka ndi chaka? Dzinja lililonse timabzala mitengo, kujambulitsa, kuomba m'manja. Pofika Okutobala mwatsala mayenje okhaokha, ndipo palibe amene amabwera kudzawerenga kuti yapulumuka ingati, yafa chifukwa chiyani. Munthu wowerenga ndi kufunsa chifukwa ameneyo ndiye wofufuza, ndipo amafunika kulipidwa.

Ku Kenya, pamalo otchedwa Gazi Bay, kuli ntchito ya Mikoko Pamoja. Anthu a m'midzi amasamala mangrove awo, akatswiri amayeza mpweya umene mitengoyo imasunga, ndipo ndalama zimene zimabwera chifukwa cha zimenezo zathandiza pa madzi ndi masukulu. Popanda woyeza, ndalama zimenezo sizikanabwera. Ndipo amene anaona Idai atasakaza Beira mu Marichi 2019, ndi Freddy atatipha anthu mazanamazana kummwera mu Marichi 2023, akudziwa kuti zochitika kunyanja yamchere zimatipeza m'nyumba. Ngakhale mathanki amafuta amene timawaona akulowa pachipata cha Dedza, ambiri amachokera kudoko.

Koma dandaulo langa lili apa. Opereka ndalamawa amajambula mzere pamapu, n'kunena kuti gombe lathera apa. Madzi mzerewo sauona.

Mayi anga kwawo ndi ku Mtakataka, choncho msewu wa Khwekhwerere ndautsika kuyambira ndili mwana. Kale ukamatsika unkangoona nyanja patali kudzera m'mipata ya mitengo. Lero umakumana ndi njinga zitasenza matumba a makala atatuatatu, anyamata akugwira buleki ndi phazi. Sindikuwanyoza, ndi ana athu, ndipo makalawo timagula ndife. Ukafika kumunsi mwezi wa Januwale, ukaima pamlatho, madzi amakhala ofiira ngati thobwa lamawere. Ndinatungapo tsiku lina m'botolo n'kuliika pansi. Patapita kanthawi matope anadikha pansi, ochindikala ngati chala changa chachikulu. Botolo limodzi lokha.

Matope amenewo akafika kunyanja amakakwirira mchenga. Amene anakulira kunyanja akudziwa kuti chambo chachimuna chimakumba chisa chozungulira pamchenga, chachikazi chimaikira mazira n'kuwatola kuwasunga m'kamwa, kenako chimakalavula tiana m'madzi osaya, m'mabango. Mchenga ukakwiririka, mabango akadulidwa, ndipo pamwamba pa izo wina akakokapo ndi neti ya udzudzu, chambo chichokera kuti? Mu 2018 bungwe la IUCN, loona za chilengedwe padziko lonse, linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yoti zitha. Agogo anga ankakamba za ntchila ngati ndiwo wamba, ine sindinailawepo. Mpasa, amene amakwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswana, amafuna miyala yoyera pansi pa madzi, osati matope. Lero pamsika wa Lizulu kapena pa Chimbiya mulu wa usipa ukucheperachepera, ndipo mabanja ambiri akudya bonya. Boma limatseka nyanja kwa kanthawi chaka chilichonse kuti chambo chiswane, n'zabwino, koma kutseka nyanja sikuletsa matope athu kutsika.

Ndiye pempho langa kwa mabungwewa ndi lakuti akamati gombe, aziyamba kuwerenga kuchokera kumene mtsinje wayambira. Wofufuza wa ku Beira kapena Quelimane aziloledwa kugwirana manja ndi wa ku Bunda, wa ku Chancellor kapena wa ku Monkey Bay pa thumba limodzi la ndalama. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere padziko, ndipo UNESCO inazindikira paki yake ya ku Cape Maclear mu 1984. Kuisiya kunja chifukwa choti madzi ake alibe mchere, ine sindikumvetsa.

Chinanso ndi ichi, ndipo chimandipweteka. Zaka zingapo zapitazo kunabwera anthu ndi galimoto yoyera kumudzi kwa mayi anga. Anatunga madzi m'timabotolo, anafunsa asodzi mafunso tsiku lonse, malume anga anawaperekeza pabwato masiku awiri. Anapita osabweranso. Mpaka malumewo anamwalira akufunsabe kuti, "Kodi aja anapeza chiyani m'madzi muja?" Kaya analemba buku, kaya anakaliwerenga kumsonkhano kunja, eni ake nyanja sanamve kanthu. Wopereka ndalama aliyense aziika lamulo lakuti wofufuza abwerere pansi pa mtengo pomwe anafunsira mafunso, akafotokoze m'Chichewa, pamaso pa amfumu ndi komiti ya pagombe. Ndipo azimvetseranso. Ku chilumba cha Mbenje ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, popanda thandizo lakunja, ndipo asodzi amamvera. Nzeru zimenezo zilipo kale, zikungofuna wozilemba bwino ndi kuziyesa kwina.

Ifenso akumtunda tili ndi mbali yathu. Damu la Mpira ku Ntcheu litauma mu 2018, anthu a ku Ntcheu ndi Balaka anavutika madzi, ndipo tonse tinaona mmene nkhalango yozungulira inathera. Timalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje chifukwa dimba ndiye ndalama, ndikudziwa, inenso ndili nalo. Chaka chino ndasiya mikono ingapo osalima kumbali ya mtsinje, ndabzalamo vetiva ndi nsungwi. Akazi anga anadandaula mizere ya kabichi imene tataya, ndipo sanalakwe.

Mphwanga uja ndamuuza kuti asataye chilengezocho. Alembere aphunzitsi ake, afunse ngati pali mnzawo ku Mozambique amene angalembe naye pempho limodzi, wina ayeze matope kuno kumene akuchokera, wina kumene akukathera. Wati ayesa. Akafuna poyambira kuyeza, mtsinje wa kuseri kwa dimba langa ulipo, ndipo botolo ndimupatsa ndine.