Goat, boat, coat: mwana akuimba mawu, mbuzi ili pambali pake

Lamlungu lapitali ndinali ku Bangula kwa achemwali anga. Chakumadzulo, kutentha kutachepako, mwana wawo wa Sitandade 3 anakhala pamkeka n'kuyamba kulakatula zimene anaphunzira kusukulu: goat, boat, coat, float. Lilime silinapunthwe olo kamodzi, ndipo mayi ake ankamwetulira uku akupeta mapira. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, goat ndi chiyani?" Anazyolika. "Sindikudziwa, amalume." Mbuzi inali pomwepo, yomangidwa pamtengo wa nimu, ikubzikula.

Zimenezi zandikhala pamtima sabata yonse.

Kuphunzitsa mawu ofanana zilembo pamodzi ndi njira yabwino, sindikutsutsa. Mwana akadziwa mmene oa amamvekera mu goat, atha kuwerenga yekha boat, road ndi soap popanda womugwira dzanja. Akadziwa -et, watsegula net, wet, get. Chimene ndikudandaula n'chakuti ana athu ambiri amathera pa nyimboyo. Mawu amalowa m'khutu n'kutulukira pakamwa, tanthauzo osalikhudza.

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti mawu amenewa ndi a kwathu kuno ku chigwa cha Shire. Boat? Mwana wa ku Bangula waona anthu akuoloka pa bwato kupita ku Makhanga chibadwire. Float, kuyandama, ndani angatiphunzitse ife? Tinaona ziwiya, nkhuku ndi madenga zikuyandama mu Januwale 2015, ndiponso nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Hot ndi Ngabu mwezi wa Okutobala. Mud ndi matope a kudimba madzi a Shire akaphwera. Cane ndi nzimbe za ku Nchalo, ndipo ukangochotsa e wapamapeto watsala ndi can, mawu ena kotheratu.

Ndiye pali mawu amene mwanayo amawadziwa kale koma palibe anamuuza. Poto amene mayi ake amaphikira ndiwo ndi pot. Neti imene amagonamo pothawa udzudzu ndi net. Kapu ndi cup, basi ndi bus, boti ndi boat. Chichewa sichilola liwu kuthera panjira, chimaika a, e, i, o kapena u kumapeto, n'chifukwa chake pot anasanduka poto. Nditamuuza zimenezi mwana uja anaseka, n'kuthamangira kukhitchini kukatenga poto kuti atsimikize.

Chovuta chenicheni chili pakati pa liwu. Ife tili ndi mavawelo 5, a, e, i, o ndi u aja, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse. Chingerezi sichitero. Hat, hot, hut, hit: chipewa, kutentha, khumbi, kumenya. Chilembo chimodzi chokha, nkhani yasintha. Khutu lathu limamva hat ndi hut ngati liwu limodzi, ship ndi sheep chimodzimodzi. Nanga l ndi r? Kwa ife ndi pachibale, timalemba r pambuyo pa i kapena e basi, koma kwa Mngerezi rice ndi mpunga, lice ndi nsabwe. Mwana amene khutu lake silisiyanitsa mawuwa, chomupulumutsa ndi tanthauzo. Akaona mpunga m'mutu mwake, sangalembe nsabwe.

Aphunzitsi sindikuwaloza chala. Ndawaonapo ali ndi chikhamu cha ana pansi pa mtengo, mabuku ochepa, thukuta lili kamukamu, ndipo kuimbitsa kalasi yonse ndiyo njira yoti aliyense atsegule pakamwa. Tisaiwalenso kuti ana ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja. Kwa mwana wa Chisena, Chingerezi chimabwera chachitatu, pambuyo pa Chichewa cha m'buku. Koma mayeso a MANEB sasankha: ukalephera Chingerezi pa MSCE, setifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza bwanji.

Choncho ife makolo, amalume ndi azakhali tigwirepo. Sizilira digiri. Mwana akabwera akuimba rat, mat, hat, mufunseni kuti akulozeni. Khoswe ali m'nkhokwe, mkeka wakhalira yekha, chipewa chili pamutu pa agogo. Ngati inuyo liwulo simukulidziwa, mtumeni akafunse mkulu wake wa kusekondale, abwere adzakuuzeni.

Ndisananyamuke Lolemba m'mawa, ndinamusiyira mwana uja makala ndi katoni yakale. Tinagwirizana kuti liwu lililonse latsopano azilijambula chithunzi pambali pake. Dzulo achemwali anditumizira chithunzi pa WhatsApp: wajambula mbuzi, bwato ndi jekete. Pa float wajambula chigubu chili pamadzi.