Musanagule sandipepala, itembenuzeni muone kumbuyo

Anzanga ogwira ntchito ya matabwa, pali nkhani imene yandikhala pamtima. Tikamagula sandipepala yozungulira ya mashini ija, maso amangothamangira nambala yosonyeza kukula kwa mchenga wake (nambala ikamakula, mchenga umachepa kukula): P60, P120, P240, basi tanyamula. Kansalu kaubweya kali kumbuyo kwake, kamene kamakolana ndi tingowe ta pa padi ya mashini (kambale kozungulira komwe timamatapo sandipepala), palibe amakayang'ana. Ine ndikuti kansaluko nakonso kayenera kugwirizana ndi nambalayo.

Ndinaziphunzira pa chitseko chakale. Ndinkachotsa penti ndi P40, ndipo mphindi zisanu zisanakwane sandipepala inafwamphuka n'kukagwera uko. Nditaitola, mchenga wake unali wakuthwabe bwinobwino, koma kumbuyo kunali dazi, ubweya wonse utazuka. Choipa kwambiri, mashini anakhudza thabwa opanda sandipepala, tingowe ta m'mphepete mwa padi tinasungunuka n'kukhala pulasitiki yonyezimira. Padi yonse inathera pomwepo chifukwa cha kansalu kopepera.

Taganizani. Kamchenga kamodzi ka P40 ndi kakakulu pafupifupi 0.4 mm, pamene ka P400 ndi 0.035 mm. Mchenga waukuluwo umaluma thabwa mwamphamvu, thabwalo nalo limakoka sandipepala chammbali, ndipo kutentha kumakwera msanga. Mphamvu yonseyo imathera pa kansalu kaja. N'chifukwa chake kuyambira P40 mpaka P80 ndimafuna nsalu yolemera, yolukidwa mothina, ya ubweya wambiri, makamaka ya nayiloni. Mukaimata pa padi n'kuyesa kuimatula, izikana, izimveka kuti thyee. Ikangochoka mosavuta ngati tsamba louma, ibwezeni.

Pa nambala zosalala nkhani imatembenuka, ndipo apa m'pamene ambiri timaphonya. Timaganiza kuti nsalu yokhuthala ndi yabwino paliponse. Ayi. Pa P240, P320 kupita m'tsogolo, ubweya wautali umakhala ngati katsamiro pakati pa padi ndi sandipepala. Sandipepala imanesa, siigona mofanana, ndipo ngodya za tebulo zimene munazisunga zakuthwa zimayamba kubulungira. Poyamba simuona kanthu. Mukapaka vanishi n'kuyang'ana chopendeka kuwala kukugunda, timafunde timaonekera tonse. Apa pamafunika nsalu yopyapyala, ya ubweya waufupi wofanana, poti mchenga wosalala sukoka kwambiri. Kufewa kuli ndi malo ake, monga pa miyendo ya mpando yokhota, koma pamenepo ikani dala kapadi kasiponji pakati, osati kudalira ubweya.

Za pakati, P100 mpaka P180, sizivuta, nsalu wamba imakwana. Amene mumakwecha ndi madzi, monga pa penti ya galimoto, kumbukirani kuti nayiloni imamwa madzi kuposa poliyesita, ndiye ya poliyesita imapirira bwino kunyowa.

Chimandisangalatsa n'chakuti zomata zimenezi anazitulukira George de Mestral wa ku Switzerland, mu 1941 ataona njere za chomera zitakakamira ubweya wa galu wake. Ataziyang'ana pa maikulosikopu anapeza tingowe ting'onoting'ono, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera Velcro. Tingowe tija timagwira pokhapokha tikapeza ubweya wotikwana. Ndiye sandipepala ya kampani ina ikamakana kugwira pa padi yanu, musafulumire kunena kuti padi yatha, mwina tingowe ndi ubweyawo sizikukwanirana.

Chonde, musamakanikize mashini ndi thupi lonse. Kukanikiza kumawonjezera kutentha, ndipo ngakhale nsalu yabwino singapulumutse tingowe tikayamba kufewa. Mabowo a sandipepala agwirizane ndi a padi kuti fumbi lizituluka, chifukwa likadzaza m'tingowe kugwira kumachepa. Ine ndikamaliza ntchito ndimapukuta padi ndi mswachi wakale, kenako ndimamatapo sandipepala yotha kuti tingowe tisaphwanyike mashini akakhala pa benchi.