Soya tikugulitsa yense, kenako n'kumakamugula wam'mapaketi

Maganizo anga awa, amene akwiye akwiye. Ife a kuno ku Nkhotakota soya timamunyoza mopitirira muyeso. Ungotchula soya pagulu wina wayamba kale kuseka ati aaa ndiwo za ana asukulu yogonera izo, wina ati chakudya cha nkhuku, poti tinakulira usipa ndi kampango ndiye china chilichonse timangochiona ngati ndiwo zausiwa. Koma mwera ukangoyamba mu Juni, asodzi osalowa m'madzi masiku atatu anayi, kamulu ka usipa kukwera mtengo mpaka kugwira pakamwa, anthu omwe aja mumawapeza pa okala akugula kapaketi ka soya pisi mobisa kkkk.

Chimene chimandiwawa ine n'choti soyayu timalima tokha. Pitani ku Mwansambo cha mu Epulo kapena Meyi mukaone mavenda ndi masikelo awo pansi pa mitengo, matumba akukwezedwa m'malole ulendo wa ku Lilongwe. Kumeneko amakamufinya mafuta ophikira, zotsalazo zina n'kupangira chakudya cha nkhuku, zina ndi soya pisi yemweyu tikumugula modula. Alamu anga amalima soya wa mtundu wa Tikolore, chaka chatha anagulitsa yense osasiyako ngakhale kambale kamodzi, chonsecho mwana wawo wazaka ziwiri akumwa phala la ufa woyera lothira mchere basi, tsiku ndi tsiku. Ndinawafunsa kuti alamu, Likuni Phala uja amapatsa ana mukudziwa kuti muli chiyani? Ndi chimanga ndi soya, zinthu zoti zonse zinali m'nkhokwe mwanu. Anangoseka.

Pa magalamu 100 a soya wouma, pafupifupi 36 amakhala mapuloteni, zomanga thupi zija amanena kusikelo. Nyemba wamba zimathera cha m'ma 22, ufa wa chimanga sufika n'komwe pa 10. Ndiye mukamamva kuti kafukufuku wa 2015-16 anapeza ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ali opinimbira m'Malawi muno, ena mwa anawo akuchokera m'makomo momwe mwatuluka matumba a soya.

Nkhani ya mkaka tsono. Ine mkaka wa ng'ombe umanditupitsa m'mimba, ndikangomwa kapu imodzi m'mimba kumachita kulira ngati njinga yamoto, nde wa soya unandithandiza poti ulibe shuga wa mumkaka uja amavuta anthu ena kugaya. Ulendo woyamba ndinalakwitsa, ndinasinja soya wamuwisi n'kuthira madzi ozizira, fungo lake lachiwisi mpaka ana anathawa pakhomo. Mayi wina yemwe anaphunzira kwa alangizi ndi amene anandiuza kuti amwali, soya safuna madzi ozizira. Muziyamba mwawiritsa madzi abwate, muzithira soya pang'onopang'ono kuti asaleke kubwata, apse mphindi ngati 30, kenako mufikise makoko achoke, musinje mumtondo mpaka afewe ngati chiponde, muthire madzi, musefe ndi kansalu koyera n'kuwiritsanso mkakawo. Ka shuga ndi ka mchere pang'ono, basi tiyi wayera. Zotsalira pakansalu paja musataye, ine ndimasakaniza mu chikondamoyo. Kuphikitsako osakuchita ulesi, soya wosapsa amasokoneza kagayidwe ka chakudya m'mimba. Komanso kutentha kwa kuno mukukudziwa, wopanda fuliji apange wongokwana tsiku lomwelo, wam'mawa ukafika madzulo wasasa kale.

Koma nanunso okonda soya musachite kunyanya. Mkakawu si wa khanda ayi, miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha mwakathithi, ndipo ngakhale ikadutsa bere lipitirire. Wopanga tokha pakhomowu kashiamu, mchere uja wolimbitsa mafupa, ndi wochepa, pomwe usipa timadya ndi minga yomwe ndiye mafupa amapindula, mulinso vitamini B12 yemwe mu soya mulibe. Nde ine usipa sindingausiye, ndimangosinthanitsa, lero nsomba mawa soya.

Za abambo zija ati soya amathetsa mphamvu m'nyumba, iiii. Akatswiri anafufuzafufuza sanapeze zimenezo, ndipo ku China ndi ku Japan akhala akudya soya kuyambira kalekale, ku China anthu anachulukana mpaka kudutsa 1 biliyoni. Amene amalimbikira bodzali kawirikawiri ndi omwe amaswera pa kachasu.

Soya pisi wam'mapaketi ndilibe naye vuto, kungoti ka sipaisi kam'katimo mchere wake ngwambiri, a BP thirani theka kaya kungokasiya. Munyike m'madzi ofunda, mufinye, mukazinge kaye asanaone tomato ndi anyezi, apo ayi amamveka ngati siponji.

Chaka chino ndinawapezerera alamu mavenda asanafike, ndinagula ndowa imodzi pamtengo womwewo wa venda. Theka ndinakazinga n'kukagayitsa pamodzi ndi mgaiwa, ufawo ndinatumiza kwa mwana wawo uja. Lamulungu lapitali alamuwo anabwera kudzacheza, tiyi anamwa makapu awiri, potsanzika n'kumafunsa kuti mkaka umenewu mumagula golosale iti.