Khomo la kumbuyo

Loweruka kunali ukwati ku linga lina lakale kuno ku Scotland, limene analisandutsa hotela. Ndinatsuka mbale kuyambira m'mamawa, manja kuchita makwinya. Masana ndanyamula matambula, ndikudutsa pakhomo lalikulu poti ndi pafupi, abwana aakazi n'kundigwira pamkono: akwati akujambulitsa, inu dzerani khomo la kumbuyo. Pagulu, abale! Mnzanga wachizungu anali atangodutsa pomwepo, osamuyankhula kanthu.

Inu akuno zinazi mukuzidziwa kale: kudikira basi mumdima wa Disembala mphepo ikulowa m'mafupa, lendi ya kachipinda ka chinyontho, visa imene ili m'manja mwa bwana moti ukatsokomola uyambe wayang'ana nkhope yake. Zonsezo ndapirira. Koma za khomo zija zikundisowetsa tulo.

Chondiwawa n'chakuti anthuwa kuchititsidwa manyazi amakudziwa. Mu 1296 mfumu Edward I ya ku England inawalanda mwala umene ankalongerapo mafumu awo. Anaulirira zaka 700 mpaka unabwezedwa mu 1996 n'kukaikidwa ku Edinburgh Castle, ndipo lero uli ku Perth. Mwala chabe! Linga la Eilean Donan linaphwasulidwa mu 1719, likhale bwinja pafupifupi zaka 200, iwo n'kudzalimanganso kuyambira 1912 mpaka 1932. Ukapita ku Stirling akuuza mwezi ndi tsiku limene mfumukazi yawo Mary anavekedwa ufumu mu 1543, ali khanda la miyezi 9. Za miyala amasunga zonse, koma ine chaka chatha ndili pamenepo, dzina langa amangolipotoza, kenako akuti dzerani kumbuyo.

Nafenso tili ndi mlandu. Lamlungu timavala jekete yabwino, kukajambulitsa kutsogolo kwa malinga omwewa, kuponya pa Facebook. Kumudzi akaona amati taphula, ndiye foni siikhala chete: fizi, feteleza, maliro. Zoti m'nyumba zimenezi timalowera kotayira zinyalala palibe amazinena.

Tsiku lina ndinafika ku Bothwell Castle, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Tsidya lake ndi Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813 n'kuyamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Amishoni a kwawo kuno atafika kwathu mu 1876, mfumu Kapeni inawapatsa malo, ndipo dzina la mudzi uwu lili pa mzinda wathu mpaka lero. Kodi makolo athu anawadzeretsa kumbuyo?

Mayi anaimba Lamlungu kuchokera ku Dedza, sindinawauze. Akuti pa nyumba imene ndikumanga kumudzi amisiri afika pa mawindo, ndiye kwatsala denga, zitseko ndi pulasitala. Anandifunsa ngati ndikudya bwino, ndinati inde. Ndawerengera usiku wonse, ikukwana miyezi 8. Ndikangokhoma malata, ndikukagula tikiti.